Supuni ya Matvei

"Tseka chitseko chimenecho!" anakuwa Mejala Dronov, akumenya galimoto yathu ndi ndodo. "Asilikali anga akukuona. Mantha ngati nkhuku!"

Matvei, dalaivala wathu, anasuzumira pansipo. Chitseko chake chakutsogolo ankachisiya chotseguka pang'ono, atachipinga ndi supuni yake yamtengo. Madalaivala a m'gulu lathu onse ankatero. Amene anapanga galimoto yankhondo imeneyi, SU-76, kaya ankaganiza chiyani, anaika thanki ya petulo pambali penipeni pa dalaivala. Moto ukabuka, munthu akachedwa ndi loko wapita.

"Komuredi Mejala," ndinatero ine, poti ndinali mkulu wa galimotoyo, "uyu si kasinja ayi. Ndi mzinga woikidwa pa matcheni. Ntchito yake n'kubisala m'tchire n'kumaphera akasinja a Jeremani patali. Denga tilibe, taonani, ndi lona chabe."

"Matcheni alipo? Mzinga ulipo? Ndiye kasinja ameneyo! Mutsogole kulowa m'tauni."

Mejala anasolola supuni ija n'kuiponya m'matope. Chitseko chinagwa, gwa!

Ndinatsika n'kuitola, mtima ukuwira. Matvei anaseka m'katimo. "Undisungire, Yefimu, chitsiru iwe. Usadyere, m'kamwa mwako mumanunkha fodya."

Msewu wa m'taunimo unali wopanikiza, nyumba zansanjika uku ndi uku. Sitinayende n'kutali komwe. Bomba linatulukira pawindo lapansi la nyumba ina n'kutimenya kutsogolo, mbali ya petulo. Atatu akumbuyofe tinangolumpha; kusowa denga kuja ndiko kunatipulumutsa. Ndinathamangira kutsogolo. Chitsulo chinali chitapindika, loko wakanirira. Matvei ankamenya m'kati, ine ndikukoka kunja mpaka khungu la m'manja linatsalira pa chogwirira.

"Yefimu! Yefimu, tsegula!"

Kenako anasiya kumenya.

Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Anamupha si Mjeremani. Anamupha ndi munthu wa ndodo uja, amene sanakhalepo pambali pa petulo ngakhale tsiku limodzi.

Patatha zaka makumi atatu anatiitana ku tauni ija, ku mwambo wokumbukira nkhondo. Anali ataimika SU-76 ina pa chipilala cha simenti, yopakidwa penti yonyezimira. Dronov analipo, mutu uli mbuu, mamendulo mpaka pamimba.

"Kasinja wolimba mtima ameneyu," ankauza khamu, "ndinamutumiza ndekha!"

"Si kasinja!" ndinakuwa.

Mkazi wanga Zoya anandikoka jekete. "Khalani chete, bambo inu, mutichititsa manyazi."

Ndinamusiya. Ndinakwera chipilala chija, mawondo akulira, anthu akuwomba m'manja poganiza kuti ndikukaika maluwa. Ndinatulutsa supuni m'thumba n'kufufuza mpata pa chitseko cha dalaivala. Ndinayesa pamwamba, ndinayesa m'mbali.

Anali atachiwotcherera kuzungulira konse.