Nthambi Yothawira kwa a Killian

Ndinadula nthambi zisanu ndi ziwiri tsiku limenelo, Etta, ndipo palibe anandituma. Munali mu Novembala chaka chatha, 2005, kuseri kwa nyumba ya Mayi Joyce ku Romford, kuno ku London, nyumba yomweyi imene uyambe kugwiramo ntchito Lolemba ine ndikanyamuka kupita kumudzi. Ndiwe mwana wa mng'ono wanga, ndiye ndikuuza zonse.

Chitsamba chake ndi chija chili pakona, chotsamira mpanda wamatabwa. Eni ake amati wichihezo. Nthawi imeneyo chinkandipitirira msinkhu. Pakati panali nthambi zowongoka, zosalala, zonenepa, zotuluka pansi penipeni ngati ana a nthochi. M'mbali munali zina zakalekale, zokhotakhota, zotuwa ndi ndere, zodzaza timibulu tofiirira tounjikana. Ine ndinati amenewa ndi mazira a tizilombo. Munthu wamaso akanasiya ziti? Zathanzi ndinazisiya, zodwalazo ndinazidula, galimoto ya khonsolo inadzazitenga Lachinayi.

Sindinachite mwachipongwe. Mayi Joyce ali ndi zaka 88, maso anafa, amangoona kuwala. Chitsambacho anabzala ndi malemu amuna awo, a Roy, ndipo iwo anali atandiuza kangapo kuti a Roy ankachidulira chikatha maluwa basi. Mu Okotobala ndinaona timaluwa tachikasu, tating'onoting'ono, tobisala m'masamba a nthambi zowongokazo. Ndinanunkhiza, osamva kanthu. Mumtima ndinati azungu ndi kutama zinthu zosaoneka. Titafota, ndinatenga sowo.

Khirisimasi itapita, nkhani inayamba.

"Winfrida, tsegula windo la kukhitchini," anandiuza Mayi Joyce m'mawa wina.

"Kunja kuli chisanu, mayi. Hitala yotenthetsa m'nyumbayi ikuyakiranji?"

"Tsegula. Chayamba?"

"Chiyani?"

"Chitsamba cha Roy. Nthawi yake ndi ino."

"Chimenecho chinamaliza kale maluwa mu Okotobala."

Anatembenuza nkhope kuloza kumene kunkachokera mawu anga. "Okotobala? Ndiye waona cha wina."

Ndinatuluka kukayang'ana. Timitengo towongoka, masamba ouma akulendewera, duwa ngakhale limodzi ayi. Ndipo mtengo wanji wochita maluwa pamene madzi akuundana m'ndowa? Ndinaganiza kuti mutu wawo wayamba kusokonekera.

Koma m'mawa uliwonse funso linali lomwelo. Dokotala anali atawauza kuti mtima wawo watopa, ndipo iwo sankabisa. "Chisanu chino mwina ndi chomaliza," anatero tsiku lina ndikuwapesa. "Nkhope ya Roy sindingaionenso ngakhale pachithunzi. Chatsala ndi fungo lija. Ndilimve kamodzi, basi." Sanalire, ndipo ndinawathokoza mumtima, chifukwa misozi ya m'mawa imachedwetsa ntchito. 

Tsiku langa lopuma ndinakwera basi kupita kumene amagulitsa mbande za maluwa, kunja kwa tauni. Ndinati ndikaone ndi maso anga chinthu chimene tikukanganirana. Ndinachipeza. Miphika mndandanda, timitengo topanda tsamba, koma tili ndi maluwa ngati ulusi wopotanapotana. Ena achikasu, ena ngati khungu la lalanje, ena ofiira ngati dzimbiri. Mu Januwale! Ndiye Mayi Joyce sankanama.

Mayi wogulitsa anandifunsa mtundu umene ndikufuna. Ndinati sindikufuna, ndikufunsa. Ndinaimbira Mayi Joyce pafoni, iwo anati, "Wachikasu chotumbuluka ngati ndimu, wonunkhira kwambiri." Achikasu analipo atatu. Ine ndinali ndi chimfine, mphuno zonse zitatseka. Ndinazungulira miphika itatu ija ndikununkhiza ngati galu wotayika, osamva chilichonse.

"Kwathu chinachita maluwa mu Okotobala," ndinamuuza wogulitsayo.

"Umenewo ndi mtundu wina, wa ku Amerika. Timaluwa take n'tochepa."

"Koma mwini wake akuti Januwale."

"Ndiye muli ndi zitsamba ziwiri."

"Chilipo chimodzi."

Anaitanidwa ndi munthu wina, nkhani inathera pomwepo. Ndinabwerera pa basi mutu uli ziii. Chitsamba chimodzi, miyezi iwiri. Ndinafika mpaka poganiza kuti mwina wina anaba chenichenicho n'kusiya china, ngati kuti ku Romford kuli akuba ofukula mitengo n'kukwiriranso bwinobwino.

Nditawauza Mayi Joyce kuti mwina a Roy anabzala wa ku Amerika, anamenya supuni patebulo. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikununkhiza mu Januwale. Anafa ndi maso, Winfrida, mutu ulipo." Za sowo sindinanene. Sindinkaona kuti zikugwirizana pati.

Patapita masiku atatu ndikuyanika matawulo, a Killian anasuzumira pampanda. Ndi bambo wa nyumba yoyandikana nayo, wa ku Ireland, anapuma ntchito yoyendetsa basi. Udzawadziwa, sasiya kuyankhula.

"Mayi Winfrida, mukauze abwana anu kuti lendi ya chitsamba chawo ndikuifuna. Chikuchitira maluwa kwanga."

"Musandiseke, bambo, mutu ukundipweteka kale."

"Bwerani mudzaone."

Ndinazungulira. Nthambi imodzi yokhota inali italowa pampata wa matabwa n'kukakulira kwa a Killian, mwina kuthawa mthunzi wa zinzake. Kumbali kwathu inabisika kuseri kwa zowongoka zija, n'chifukwa chake sowo inaiphonya. Inali mbuu ndi maluwa achikasu chotumbuluka, chisanu chili pamwamba pake, maluwawo osalabada. Fungo linapyoza chimfine changa chonse. Ndipo kunsonga kunali timibulu tofiirira tija tisanatseguke, timazira tanga ta tizilombo.

"Zinzake zili kuti?" anafunsa a Killian. "Chaka chino sindikuziona pamwamba pa mpanda."

"Ndinazidula."

"Zonse?"

"Zinali zodwala."

Anavula chipewa, n'kuchivalanso. Anabwera kumbali kwathu, anagwada movutikira, n'kupalasa masamba owola patsinde. Pamenepo panali chotupa ngati bondo. Zitsa zanga zisanu ndi ziwiri zinali pamwamba pa chotupacho. Nthambi zowongoka zonse zinkachokera pansi pake.

Asanatsegule pakamwa ndinali nditadziwa kale. Chitsamba chomezanitsa. Mizu ya mtundu wina, mutu wa mtundu wina. Ine, Etta, ine! Zaka makumi awiri ku Mwanza ine ndi malemu amuna anga, bambo ako aakulu, tinkamezanitsa manachesi pa mandimu. Ndinkakalipira aliyense wosiya mphukira za ndimu patsinde, chifukwa zimakula mwaukali n'kulanda mtengo wonse. Ndabwera ku London, ndaona zomwezo, n'kudula nachesi kusiya ndimu. Kuno dzuwa limalowa folo koloko, maluwa amatuluka pachisanu, ndiye ndinangoti zonse za kuno n'zachilendo, zimene ndikudziwa sizigwira ntchito. Sindinawerame n'komwe kuti ndione tsinde.

Ndinawafunditsa Mayi Joyce mabulangete awiri, n'kuwakankha panjinga yawo ya anthu ovutika kuyenda kudutsa pageti, kulowa kanjira ka a Killian. Tisanafike anali atakweza kale mutu.

"Ndi chimenechi."

A Killian anawaweramitsira nthambi. Mayi Joyce anakhala nthawi yaitali nkhope ili m'maluwamo, mpaka ndinayamba kuda nkhawa ndi chifuwa chawo.

"Tsopano ndiuzeni," anatero. "Chitsamba changa chikutani kwa Killian?"

Ndinawauza zonse, osachotsera. Anati ndiwapititse patsinde. Ndinagwira dzanja lawo n'kuliika pa zitsa, iwo akuwerenga mokweza mpaka zisanu ndi ziwiri. Kenako anati akuzizidwa. Masiku awiri sanandiyankhule, kupatula kunena kuti tiyi wachuluka shuga.

Tsiku lachitatu anati, "Winfrida, tenga sowo."

"Ayi, mayi. Ine ndi sowo tinasiyana."

"Unadula zolakwika. Tsopano kadule zoyenera. Ukufuna Killian agwadenso? Sadzadzuka."

Ndinapita. Ndinaima pamenepo mwina theka la ola. Mutu ukuti dula zowongokazo, manja akukana, chifukwa kugwetsa nthambi khumi zathanzi n'kusiya kanthambi kamodzi kokhota, kamenenso kali kwa eni, sizinkaoneka ngati nzeru. Ndinazidula, pansi penipeni. Pa yotsalayo ndinamangapo ulusi wofiira wa juzi.

Dokotala analakwitsa, Mayi Joyce alipo, ndipo ayamba kale kufunsa za Januwale akubwerayu. Chitsamba chinaphukira m'chilimwe. Pa zitsa zina patuluka timphukira tatsopano, ndipo pansi pa chotupa patulukanso tina. Kwa ine masamba ake ndi ofanana. A Killian akuti enieniwo ali ndi ubweya pang'ono, a mizuwo ndi osalala, koma zala zanga zinatha ndi sopo, sizisiyanitsa. Za Mayi Joyce zimasiyanitsa. Ndimawatengera tsamba, iwo amalisisita n'kunena kuti "la Roy" kapena "la mlendo." Kawiri konse ayankha mosiyana ndi mmene ine ndinkaonera, ndipo mpaka lero sindikudziwa analakwa ndani. Timphukira timeneto ndatisiya.

Ndiye tamvera, mwana wanga. Ukaona timaluwa mu Okotobala, si timeneto. Timibulu tofiirira si matenda. Kukauma uzithirira madzi a mvula a mu dilamu, a pampopi sichiwakonda. Ulusi ukathothoka umange wina. Ndipo usanadule kanthu kalikonse, werama, palasa masamba, uone kumene nthambiyo yachokera, pamwamba pa chotupa kapena pansi. Ukakayika, katenge mwini wake ndi njinga yake. Ine ndinawasiyira nthambi imodzi. Chonde, iwe udzachite bwino kuposa pamenepa.