Njinga Yokana Giya Yachiwiri

"Pondaninso tione," anatero Bizweki atanjuta pambali pa njinga yamoto, sipanala ili m'manja.

Medson anaponda chitsulo cha giya. Yoyamba inalowa bwinobwino. Atachinyamula ndi chala cha phazi kuti alowe yachiwiri, chitsulocho chinangoti gwa, osasuntha. Injini inkalira ngati ikufuna kung'ambika, nkhuku zili balalabalala, koma njingayo inkangokwawa pabwalo ngati ngolo ya ng'ombe.

Zinali zomvetsa chisoni ndithu. Njingayo inali yatsopano, yofiira psuu, ya mtundu wothamanga uja woti woyendetsa amachita kuwerama. Medson anaigula ku Limbe ndi thukuta lake la ku Joni, kuti azithamangitsa nsomba zaziwisi za makumba kuchokera padoko pa Kachulu kukafika nazo ku Songani zisanayambe kununkha. Masiku oyamba inkauluka, fumbi lokhalokha m'mbuyo. Kenako m'mawa wina inangokana giya yachiwiri, popanda kugwa, popanda kugunda kanthu.

Kuwonongeka kwa nsomba sikumene kunkamusowetsa mtendere. A Gerishomo, wapampando wa chipani m'deralo, anali atalamula kale kuti Loweruka Medson awatengere kumsonkhano ku Zomba pa njinga yofiirayo. Atamva kuti yadwala, anabwera okha kudzaiona.

"Njinga yatsopano ngati iyi?" anatero akumwetulira. "Imathamangira nsomba, koma ikamva za chipani yayamba kutsimphina? Chabwino. Tiona Loweruka. Anthu obisira chipani zinthu zawo ali ndi dzina lawo, a Medson, ndipo inu mukulidziwa."

Ndani sankalidziwa? Enoki wa kutsidya kwa dambo anakaniza a chipani bwato lake chaka chatha, nati likudontha. Kunabwera galimoto masanasana n'kumutenga. Mpaka lero mkazi wake amalima yekha.

Tsono linali Lachisanu, dzuwa litapendeka. Bizweki, makaniko wa ku Songani amene Medson anagwira naye ntchito m'migodi ya ku Joni, anali atayesa zonse. Anamanga waya wa kilachi, naumasulanso. Anatulutsa oyilo, naufikisa pakati pa zala, napeza kuti ndi woyera. Tcheni chinali bwino.

"Achimwene, njinga iyi ilibe matenda," anatero akupukuta thukuta. "Mwina yatengera mwini wake. Mkamwini sathamanga pamudzi pa eni."

"Siyani nthabwala, Bizweki. Mawa ndi Loweruka."

"Ndikudziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tatiyeni titsegule apa."

Anamasula chivundikiro cha pafupi ndi tcheni, pamene chitsulo cha giya chimalowera mu injini. Analowetsa zala, kenako anazibweza msangamsanga ngati wagwira njoka.

"Mayo ine! Bwerani mudzaone nokha."

Kuseri kwa chitsulocho kunali kanthu kakuda, kosokedwa m'nsalu, kakukula ngati dzira la njiwa. Kanali komangidwa zolimba ndi ulusi ndi waya wamkuwa. Chitsulo chikamatsika kankachilola, koma chikati chikwere chinkagunda pomwepo.

"Chithumwa," anatero Bizweki motsitsa mawu. "Inu a kwaya ya tchalitchi, zimenezi munayamba liti?"

Medson anawerama kuti akaonetsetse kanthuko. Asanayankhe, kumbuyo kwawo kunagwa lichero. Mkazi wake Esinati, amene ankapeta mpunga pakhonde, anali ataimirira, manja ali pakamwa.

"Bambo a Sophia, musakhudze chimenecho, chonde."

"Ukuchidziwa?"

"Ndi amayi. Atamva kuti a Gerishomo ayamba kuisirira njingayi, anakwera bwato kupita ku chilumba cha Chisi kwa sing'anga. Anapereka mbuzi yawo ija. Lamulungu inu muli kutchalitchi, anachilowetsa ndi kumangirira okha. Anauzidwa kuti amange pamwendo pamene njinga imayendera, kuti munthu wina asadzachoke nayo."

Bizweki anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya mnzake anameza.

"Ndiye tingochisuntha," anatero. "Tichimange pansi pa chishalo."

Esinati anapukusa mutu. "Akuti chikangomasulidwa, mphamvu yake yathera pomwepo."

Apa ndiye Medson anasowa pogwira. Akanakhala munthu wina, akanapita kukakambirana naye. Koma apongozi! Chikwatire pamudzipo sanayang'anepo nkhope yawo. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Nyumba imene ankagonamo inali pamalo pawo, munda wa mpunga unali wawo, ngakhale mthunzi umene anaimikapo njingayo unali wa mtengo wawo wa mango. Kudula ulusiwo kunali kuwauza pamaso pa mudzi wonse kuti mbuzi yawo inapita pachabe. Kuusiya kunali kudikira galimoto ija.

"Pita ukawauze," anatero kwa Esinati. "Ukanene kuti ndikuthokoza, koma chinthuchi chikutseka giya. Ndikapanda kufika mawa kwa a Gerishomo, anditenga."

Esinati anadutsa pabwalo. Apongoziwo anali kuseri kwa nkhokwe, atafulatira, akusenda chinangwa. Anayankha mokweza kuti mawu akafike okha kumene ankapita.

"Uwauze amuna akowo kuti chinthucho chikugwira ntchito yake. Njinga yakana kupita kwa Gerishomo, si zimene tinkafuna? Akadula, asadzalire kuti sindinanene."

"Amayi, nanga akawatenga ngati a Enoki?"

Apongoziwo anangopitiriza kusenda. Mpeni wokha ndi umene unkamveka pa chinangwa.

Medson anakhala pansi, nayang'ana njinga yake nthawi yaitali. Anakumbukira kutentha kwa pansi pa mgodi, ndi mmene ankadzilimbitsira mtima kuti tsiku lina adzakhala ndi chinthu chakechake, chosapempha kwa munthu. Mtima unamuwawa kwambiri.

"Khoswe wakhala pamkhate, achimwene," anatero Bizweki. "Ine sindidula. Manja anga ndimadyera."

"Ndipatseni pulayala."

Anadula yekha. Waya unati thu, kanthuko n'kugwera m'fumbi. Esinati anakatola ndi nsonga ya chitenje, osayang'ana kunkhokwe. Bizweki atabwezera chivundikiro, Medson analiza injini n'kutulukira kumsewu. Yachiwiri inalowa ngati mpeni m'papaya. Yachitatu, yachinayi, zonse myaa. Anabwerera pabwalo osamwetulira n'komwe.

Loweruka Medson anawatenga a Gerishomo pa njinga ija. Njira yonse bamboyo ankakuwa kumbuyo kuti, "Ponda, mnyamata, ponda!" Ku Zomba anthu anaunjikana kudzaona njinga yofiira imene wapampando wa kunyanja anabwera nayo, ndipo a Gerishomo ankaisisita thanki ngati ng'ombe yawo.

Pobwerera, atafika pakhomo pawo, a Gerishomo anatsika n'kutambasula dzanja kufuna kiyi.

"Mwaonatu, yachira. Ndinadziwa kuti ndinu munthu wokhulupirika. Koma njinga yabwino chonchi kumanunkha nsomba? Ayi. Izigona kuno, izigwira ntchito za chipani. Inu muzibwera ndikakuitanani, muzidzandiyendetsa." Anayang'ana anyamata awo amene anakhala pakhonde. "Mwapereka mwa kufuna kwanu, eti?"

Medson anayang'ana anyamatawo, nayang'ana kiyi.

"Mwa kufuna kwanga, bwana."

Anayenda wapansi kudutsa dambo lonse, nsapato zili m'manja, matope a makande akumata kumapazi. Asodzi amene ankachokera kudoko anamupatsa moni, koma palibe anafunsa za njinga. Onse anali ataona kale.

Atafika pabwalo, pansi pa mango panali pongotsala madontho a oyilo. Esinati anathamanga kudzamulandira nsapato. Apongozi anali pamalo pawo pomwe paja, kuseri kwa nkhokwe, atafulatira.

"Esinati," anaitana mokweza, "tawafunsa amuna akowo ngati giya yachiwiri ikulowa bwino."

Medson anaweramitsa mutu. Esinati sanafunse. Anathira madzi m'beseni, naliika pamapazi a mwamuna wake, kenako anatembenukira kunkhokwe.

"Abwera, amayi. Abwera wapansi, koma abwera."