Mabuku a m'Foni ya a Greenwell

Masuti anali atatha kale, nsapato nazo zitapeza eni ake, pamene dzanja la a Everson linafika pa foni. Katundu wa malemu a Greenwell anali atayalidwa pamphasa, pakhonde la nyumba yawo ku Area 15, monga zimakhalira maliro akatha. Abale ochokera kumudzi ankatola chimodzichimodzi, nkhope zili zachisoni, maso ali pa chinthu chotsatira.

"Iyi nditenga ine," anatero a Everson, mng'ono wawo wa malemuwo. "Mwana wanga akafufuta zonse zili m'katimu, ikhala ngati yatsopano."

Immaculata, mwana yekhayo wa a Greenwell, analibe nayo ntchito. Foniyo inali yakale, yong'aluka pakona, ndipo iye ankangofuna kuti anthuwa amalize azipita. Amayi ake, a Nankhoma, anali atakhala kumapeto kwa mphasa, mpango wakuda kumutu. Pamwambo wotere namfedwa salankhula. Jekete ya tsiku la ukwati wawo inadutsa iwo ali duu, wailesi inadutsa iwo ali duu.

"Alamu, foniyo ayi."

Anthu onse anacheuka. A Everson anatsala dzanja lili m'malere.

"Mwati bwanji alamu? Muli ndalama m'menemu?"

"Muli buku limene sitinamalize."

Wina anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. Koma Immaculata anadziwa chimene amayi ake ankanena. Matenda a shuga atawadya maso, a Greenwell, amene moyo wawo wonse sankayenda opanda buku m'thumba, anayamba kumvera mabuku ochita kuwerengedwa pafoni. Masana aliwonse ankakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, kahedifoni kamodzi m'khutu mwawo, kena m'khutu mwa akazi awo. A Nankhoma sukulu anailekezera ku pulayimale, Chingerezi chawo chinali cha moni basi. Ndiye mzungu wa m'foni akawerenga pang'ono, a Greenwell ankaimitsa n'kumasulira m'Chichewa. Zinayenda choncho kwa zaka.

"Foni sindikukumanani, alamu," anatero a Nankhoma. "Ndingomva mathero ake, muitenge."

A Everson anayang'ana anzawo, anzawo anayang'ana pansi. "Chabwino, imvani. Koma dzuwa likapendeka ife tikunyamuka, minibasi sidikira munthu."

Mipando iwiri ija inali pamalo pake pansi pa mtengo. Immaculata anakhala pa wa bambo ake, umene unali wotsetsereka kumanzere. Iye ankagwira ntchito ku banki ina ku City Centre, Chingerezi ankachilankhula tsiku lonse, choncho anaona kuti ntchitoyi ndi yochepa: kumva mutu womaliza, kumasulira, kubweza foni.

"Munalekezera pati, amayi?"

"Pa Tausi. Mwana wa munthu wolemera uja, nthawi ya makedzana, anthu akuyendera ngolo za mahatchi. Bambo ake akufuna akwatiwe ndi nkhalamba ina ya minda yambiri, koma iye mtima uli pa Donald, mnyamata wosamalira mahatchi. Mayinawa anawapatsa ndi bambo ako, enieni a m'bukumo lilime langa linkakana. Donald anamuthamangitsa, ndiye tsiku la ukwati lafika. Tinalekezera Tausi atavala kale, akuyang'ana kuchipata. M'mawa mwake ndi m'mene tinapita kuchipatala muja."

Anagawana mahedifoni. Immaculata anadina, mawu a bambo wachizungu wolankhulira m'mphuno anayamba.

Munalibe ukwati. Munali wapolisi wofufuza milandu, tekitivi, amene anali atasonkhanitsa anthu onse a m'nyumba ina yaikulu pabalaza kuti awauze yemwe anathira poizoni mu tiyi wa mwini nyumba. Immaculata anabwezera m'mbuyo mutu umodzi: dokotala akuyeza mtembo. Anabwezeranso: wantchito wakukhitchini wapezeka atafa pamasitepe. Hatchi ngakhale imodzi munalibe.

"Amayi, mwina si buku lake ili."

"Ndi lomweli. Wam'mphunoyu ndikumudziwa."

Immaculata anatsegula mndandanda wa mabuku onse a m'fonimo. Zikuto zake zinali mipeni, mabotolo a mankhwala, zipewa za apolisi, mthunzi wa munthu pawindo. Onse, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kani zaka zonsezi bambo ake ankadzimverera nkhani zawo za matekitivi zimene ankazikonda chiyambire unyamata, uku akuwadyetsa amayi ake bodza, poti sadziwa Chingerezi? Anakwiya, ndipo anachita manyazi kuti wakwiyira munthu amene dothi la pamanda pake linali lisanaume.

Tsopano achite chiyani? Akanena zoona, awalanda amayi ake chinthu chimodzi chokha chimene anachitsegulira pakamwa pamphasa paja. Akapeka, ayambira pati? Iye kunama sankakutha, ngakhale kwa kasitomala.

A Nankhoma ankadikira, manja ali pamiyendo.

"Wafika Donald?"

"Amayi," anatero Immaculata, mawu ake ali ouma. "Muno mulibe Donald. Mulibe Tausi. Ndi nkhani ya munthu amene waphedwa, ndipo apolisi akufufuza. Mabuku onse ali munomu ndi otero. Ababa ankakuuzani zam'mutu mwawo."

Peyala laling'ono linagwa pafupi ndi mpanda. A Nankhoma analiyang'ana, kenako anakonza mpango wawo.

"Ndiye wamupha ndani?"

"Mwati?"

"Munthuyo. Wamupha ndani? Bambo ako anati ndi dokotala. Anazilankhula okha akusamba, ankayesa sindikumva."

Immaculata anawayang'anitsitsa amayi ake.

"Iwe Immaculata, ukundiyesa chitsiru? Chingerezi sindichidziwa, inde, koma mawu oti polisi ndimawamva. Dokotala ndimamumva. Mzunguyo akamawerenga motsitsa mawu ngati akuzemba galu, bambo ako n'kuimitsa, ati apa Tausi akuthyola maluwa. Maluwa ake ati? Munthu thukuta lili pamphumi!"

A Nankhoma anaseka pang'ono, kuseka koyamba chichitikireni maliro, ndipo kunathera m'mphuno.

"Nanga bwanji simunawafunse?"

"Ndiwafunse kuti asiye?" A Nankhoma anatembenuza kahedifoni kaja m'zala zawo. "Buku lenileni la chikondi linalipo, loyambirira, koma anadzalifufuta. Anandisankhira okha, maso atangoyamba kuvuta. Limenelo anamasulira moona, mawu ndi mawu. Mnyamata wake anapita kunkhondo, osabwerako. Ine ndinalira, mwana wanga, chakudya osadya. Nthawi imeneyo n'kuti dokotala atatiuza kale kuti impso za bambo ako zayamba kufooka. Iwo anangoti pepani Nankhoma, buku lotsatira ndisankha bwino."

Anayang'ana mpando wa amuna awo uja.

"Kuchokera tsiku limenelo palibe amene anafanso. Buku lililonse, anthu ankavutika, ankathamangitsidwa, ankadwala mpaka kuitanitsa abale. Koma kufa ayi. Ine ndikumva ndithu kuti m'khutu munomu anthu akutha, iwo ali pompo pamene wakhalapo, akukwatitsa aliyense."

Immaculata anayang'ana foni ija. Mzere wosonyeza pamene buku lafika unali utatsala pang'ono kugunda kumapeto. Anaganiza za bambo ake, khutu limodzi likutsata wakupha, pakamwa pakumanga ukwati, tsiku ndi tsiku osasokoneza dzina ngakhale limodzi. Mkwiyo uja anaufunafuna, osaupezanso. Chimene chinatsala chinali chisoni.

"Alamu!" Mawu a a Everson anachokera kukhonde. "Dzuwatu ilo!"

"Tatsala pang'ono, bambo aang'ono," anayankha Immaculata.

A Nankhoma anabwezera kahedifoni m'khutu, n'kutsamira kumpando, maso ali kumasamba a mtengo.

"Amayi, ine sinditha."

"Nawonso poyamba sankatha. Buku lachiwiri anakwatitsa munthu ndi azakhali ake, ndinachita kuwakumbutsa. Dina, umvetsere kaye. Ukaona kuti wamva zokwanira, uimitse. Iwo asanayambe ankakhosomola kamodzi."

Immaculata anabwerera ku mutu womaliza uja, n'kudina. Wam'mphuno uja anapitiriza. Tekitivi anayendayenda pabalaza, natchula aliyense ndi bodza lake, kenako anaima kumbuyo kwa mpando wa dokotala. Bambo ake anali atalondola. Apolisi awiri analowa ndi unyolo.

Anaimitsa. Amayi ake sanamuyang'ane, anangopendeketsa mutu kumbali yake monga ankachitira masana onse aja.

Immaculata anakhosomola kamodzi.

"Kuchipata kwamveka hatchi," anatero.

"Eya," anatero a Nankhoma, natseka maso. "Ndimadziwa kuti abwera."