Chibenthu cha Blackson

Jonas anali atatulutsa kale njinga ndi wailesi pamene anafunsa za botolo.

"Alamu, mankhwala a achimwene aja ali kuti?"

Teleza ankamanga mbale m'chitenje, n'kumasula, n'kumanganso. Chiikireni m'manda mwamuna wake Blackson, manja ake sankakhazikika. Akalaliki a pa esiteti anali atanena kale kuti nyumba ya kampani alowamo wothyola tiyi wina, choncho katundu amagawidwa tsiku lomwelo.

"Kuli aphunzitsi ena ku Masambanjati akuwafuna," Jonas anapitiriza. "Achimwene sakumwanso. Tigulitse, tipeze ya transipoti."

"Mwatenga njinga. Kwerani imeneyo."

"Njinga ndi ya kwathu. Botolonso anagula ndi thukuta la kwathu."

"Thukuta la kwanu linkathyola tiyi mzere umodzi ndi ine. Inu simunkaoneka."

Abale ankadziwa kuti Blackson anali ndi kachilombo. Za Teleza sankadziwa, ndipo iye analibe nazo changu chowauza. Matendawo atayamba, mankhwala ake ankangomveka pa wailesi. Ankati eni ake kunja anawalembetsa m'dzina lawo, wina asapange, ndiye mtengo unali wa mabwana okhaokha. Blackson ankatukwana wailesiyo ngati ikumumva. Atafika otsikirako mtengo a ku India, anagulitsa mbuzi ndi nthochi za kumunda kwa mayi ake, koma mwezi uliwonse zinkangokwana botolo la munthu mmodzi.

Adokotala anamuuza kuti awa sagawana. Blackson anavomera mwaulemu, n'kubwera kunyumba kudzanola mpeni wake wodulira tiyi.

"Chinangwa timagawana, bulangete timagawana," anatero. "Iwowo akazi awo amawasiya panja?"

Jonas analowa kuchipinda osaodira. Teleza anamva akusuntha mphasa, akugwetsa dengu lothyolera tiyi. Jonas anatuluka nalo botolo, akulikhutchumula pafupi ndi khutu.

"Alipo ambiri ndithu."

Anatsegula n'kukhuthulira m'dzanja. Anayang'anitsitsa, n'kufwanthula ndi chala. Munalibe piritsi lathunthu ngakhale limodzi, zibenthu zokhazokha.

"Ichi n'chiyani? Ndani agule zonyenyekazi?"

"Palibe."

"Anawadula chifukwa chiyani?"

"Ankadya ndi mkazi wake," anatero Teleza, akumuyang'ana m'maso.

Jonas anamuyang'ana m'khosi, m'mikono, mmene chilundu chinkazungulira kawiri m'chiuno. Anabwezera zibenthuzo m'botolo mosamala, n'kuliika pa mpando m'malo mompatsira m'manja. Panja anakangalika ndi kumanga wailesi pa kaliyala wa njinga, chingwe chikumupulumuka.

Teleza anakhala pansi n'kuthira zibenthuzo pa chitenje. Blackson ankadula yekha atatembenukira kukhoma, n'kumuponyera chake m'kamwa ngati mwana, akuseka kuti mkazi wake amaopa mpeni. Aka kanali koyamba kuziona zili pamodzi pa kuwala.

Sizinali zofanana. Munthu amene ankadulira tiyi mzere wonse kukhala ngati tebulo anali atadula piritsi lililonse mokhota: mbali ina yaikulu, ina kachidutswa chabe. Lilime la Teleza linkaidziwa bwino mbali imene linkalandira: yaikuluyo.

Anasankha chachikulu chimodzi, nafunafuna kakang'ono kake mpaka zinalumikizana. Anatunga madzi m'ndowa n'kumeza zonse ziwiri.