Mudzi Umene Foni Inkaukana

Loko anagwera patebulo la makina osokera, pafupi ndi dzanja la Telala, ndipo singano inaima.

"Ameneyo ndi wa pageti," anatero mchimwene wake, dalaivala wa malole, thukuta lili kamukamu. "Kuyambira lero Bambo satulukanso okha. Lolemba tiwatengera kuchipatala cha odwala misala, akawaone m'mutu."

Telala anasuzumira kukhonde. Bambo awo anali pampando wapulasitiki, mapazi otupa ali m'beseni la madzi. M'mawa umenewo dalaivala anawapeza kunja kwa tawuni, pamsewu wolowera kuchipululu, atavala jekete lawo la kutchalitchi, tsache lili m'khwapa. Sikanali koyamba. Ankati akupita kwawo, kumudzi wa zitsime ziwiri, kukasesa pamanda a mayi awo.

"Msewu umenewo ndauyenda mpaka matayala kundidandaula," anapitiriza dalaivala. "Kulibe mudzi uko. Taona pafoni apa. Mchenga wokhawokha, kenako waya wa malire."

"Foni yanuyo inabadwa liti, achimwene?"

"Inabadwa dzulo, koma sisochera."

"Paja si yomweyi inakulowetsani ndi lole m'munda wa eni ake chaka chatha?"

Dalaivala sanaseke. Koma musamuweruze msanga. Munthu amene wapeza bambo ake akupepesuka padzuwa, milomo itang'ambika ndi ludzu, amaloledwa kulankhula mokalipa. Anali mantha okhaokha. Ndipo Telala naye mumtima ankakayika. Pa ubwana wawo wonse Bambo sanatchulepo mudzi umenewu. Unatulukira mayi ake a Telala atamwalira, nthawi yomweyo imene Bambo anayamba kuiwala pamene aika magalasi ndi kumuitana iye dzina la malemuwo. Komabe kuganiza zoti bambo amene anamuphunzitsa kulowetsa ulusi m'singano azikhala otsekeredwa ngati mbuzi kunkamuwawa kwambiri.

"Ndipatseni mawa lokha," anatero Telala. "Mukhalepo nanunso. Tikalephera, loko ndikhoma ndine."

Telala ankadziwa kopita. Ndiye amene anasoka makatani okhuthala a m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, kuti dzuwa lisamafufutse mapu. Wosunga mapuwo anali mayi wamfupi, wa magalasi a chingwe, amene tawuni yonse inkamutchula kuti Mayi Musagwire. Ana asukulu ndiwo anamupatsa dzinali, ndipo linamukhala.

Tsiku lotsatira Telala, mchimwene wake ndi Bambo atafika, mayiyo anawalandira monga mwa dzina lake. "Manja kumbuyo, nonse. Bambo dalaivala, chigongono chanucho chichoke patebulo. Pano timaloza ndi kamtengo aka basi."

Telala anafotokoza chimene anadzera. Mayi uja sanadabwe, sanafunsenso kawiri. Anangoyang'ana Bambo nthawi yaitali, kenako n'kukoka madirowa aakulu, afulati, n'kuyamba kuyala mapu patebulo, atsopano poyamba, akale pambuyo.

Mapu oyamba anagwirizana ndi foni. Chipululu chinali chachikasu, chopanda kanthu, ndipo mzere wofiira wa malire unachidula mowongoka ngati wojambula ndi rula.

"Mwaonatu," anatero dalaivala, mawu ali pansi. Sanakondwere kuti wapambana.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha Mayi Musagwire, akuyala ena.

Pamapu achiwiri mzere uja unali utasuntha. Unadutsa kutali, kuseri kwa phiri, ndipo pamalo amene foni inkati mchenga wokhawokha panali timadontho totsatizana. Kamtengo kanayenda pamwamba pake osakhudza.

"Izi zinali njira za ngamila. Tozungulirati ndi zitsime. Maboma awiri atagwirizana zowongola malire, anthu okhala pakatipa anawakweza malole, ena kuno, ena uko. Wojambula mapu otsatira sanaonenso chifukwa cholembera midzi yopanda anthu."

Bambo anasendera pafupi.

"Phiri ilo linali kumanja tikamapita kotunga madzi," anatero. "Kumanzere kunali khwawa louma. Ife tinali pakati."

Mayi Musagwire anapita kudirowa yapansi penipeni. Mapu amene anatulutsa anali ofiirira ndi ukalamba, omatidwa pansalu kuti asathetheke. Anawayala pang'onopang'ono. Phiri linalipo. Khwawa linalipo. Koma pakati pa ziwirizo, pamalo enieni amene Bambo ananena, panali chibowo. Pepala linatha, nsalu nayo inabooka, ndipo thabwa la tebulo linkaonekera.

Mtima wa Telala unagwa. Ulendo wonsewu, kudzathera pachibowo.

"Makoswe anadya mudzi wa Bambo," anatero dalaivala. Ankafuna kuti wina aseke, koma nthabwala inafera m'kamwa mwake momwe.

Telala anawerama, manja ali kumbuyo monga analamulidwira. Zibowo ankazidziwa, ndizo zinkamudyetsa. Ichi chinalibe mano a khoswe m'mphepete. Chinatha pang'onopang'ono, ngati bondo la thalauzi, ndipo mozungulira munali moda, monyezimira.

"Mayi, chinaboola apa n'chiyani?"

Mayi Musagwire anavula magalasi ake n'kuwasiya alendewere pachifuwa.

"Zala," anatero. "Mapu awa kale ankakhala pakhoma, m'khonde lolowera umo, opanda galasi. Ndikuyamba ntchito ndinapeza dzina la mudziwu litafufutika kale. Ankabwera okalamba, aja anakwezedwa malole ali ana. Sankaona china chilichonse m'nyumba muno. Ankangolunjika pakhomapo, kuika chala apa, n'kuima. Ena ankabwera ndi zidzukulu kudzaziuza kuti kwathu ndi pano. Tsiku limene ndinaona khoma likuonekera pachibowochi ndinawachotsa n'kuwatsekera m'dirowa. Dzina limene mumanditchulali ndinalitengera pamenepa."

"Ndiye anthuwo ali kuti?" anafunsa dalaivala.

"Anasiya kubwera. Ine ndinkayesa anatha onse."

Mayi uja anatembenukira kwa Bambo. "Zitsime ziwirizo, madzi ake anali ofanana?"

"Ayi," anayankha Bambo msanga, ngati mwana amene wafunsidwa funso lokhalo limene akulidziwa. "China chinali chowawa, cha ziweto. China chozuna. Amayi tinawaika kufupi ndi chowawacho, chifukwa kumeneko nthaka inali yofewa."

"Onse ankatero," anatero mayi uja. "Chowawa ndi chozuna."

Dzanja la Bambo linachoka kumbuyo. Linalunjika kutebulo. Telala anatambasula lake kuti awagwire, poopa manyazi, koma Mayi Musagwire anamugwira iye pamkono.

"Asiyeni," ananong'ona. "Palibe chatsala choti awononge."

Chala cha Bambo chinalowa m'chibowo muja, ndipo chinakwana bwinobwino. Polankhula sanayang'ane aliyense.

"Ndiye kuti sindinalote. Ndinayambatu kukhulupirira kuti mwina anawa akunena zoona."

Apa m'pamene Telala anamva chisoni chenicheni, choposa cha dzulo lake. Masiku onsewa iye ankaganiza kuti akulimbana ndi mchimwene wake, osadziwa kuti Bambo nawo ankapita kumsewu kuja kukafunsa mchenga ngati mutu wawo ukadali bwino. Dalaivala anapita pawindo n'kuyamba kuyang'anitsitsa msoko wa katani ngati amadziwa zosoka.

"Tingafikeko?" anafunsa ali chomwecho, osatembenuka.

"Ayi. Ndi tsidya la waya, ndipo kulibe chipata kumeneko. Mchenga unakwirira zonse. Koma msewu ukakhota kufupi ndi waya, phiri limaoneka bwino."

"Pokhotapo ndimapadziwa," anatero dalaivala. "Ndimaimapo kuthira madzi mu injini. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana kwa agogo anga ndikudya chingamu."

Pobwerera Bambo anagona pampando wakumbuyo. Ana awo anakambirana motsitsa mawu. Telala anavomera kuti kuiwala kwa Bambo si bodza, ndipo kwa dokotala adzapitabe, koma dokotala wa okalamba, ndiponso Bambo atauzidwa chifukwa chake. Dalaivala anavomera kuti madzi saiwala khwawa, ndipo geti lokhoma silingaletse munthu kulakalaka kwawo. Atafika kunyumba anatenga loko uja patebulo la makina n'kukakhomera bokosi la masipanala.

Lolemba m'mawa lole inaima pageti, ulendo wa pokhota paja, kukaona phiri. Bambo anali atakonzeka kale, jekete la kutchalitchi lili pathupi, nsapato zitapukutidwa. Telala anawathandiza kukwera, n'kuwapatsa mabotolo a madzi ndi chipewa. Ndipamene anaona kuti atenganso tsache lija.

Anayang'ana mchimwene wake. Onse awiri ankadziwa kuti tsachelo silikadutsa waya. Koma dalaivala analilandira m'manja mwa Bambo, n'kuliimika bwino pakati pa mawondo awo kuti chitseko chisalithyole, ndipo anatseka chitseko pang'onopang'ono.