Mipata Iwiri Pambuyo pa Mpumiro

Chitsiriza anali atatopa ndi fungo la m'wodi, atatopanso ndi kulankhula yekha. Chidwalireni sitiroko, mayi ake sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Mbali ya kumanja inali itafa, maso ali tong'o kudenga. Adokotala atafunsidwa ngati mayiwo akumva, anangoti, "Tiyeni tidikire," mwendo uli kale pa bedi lina. Iye ankafuna kudziwa chimodzi basi: kodi m'thupi limenelo mayi ake akadalimo?

Mayiwa anakalambira pa sukulu yophunzitsa kutaipa, ndipo rula sinkachoka m'manja mwawo. Ukasuzumira zala, rula. Ukaiwala kugunda mipata iwiri pambuyo pa mpumiro, rula, ndipo zonenepa ankalandira ndi mwana wawo yemwe. Atayamba ntchito, Chitsiriza anapeza kuti pa kompyuta anthu anazisiya kalekale zimenezo, mpata ndi umodzi. Anasintha tsiku lomwelo, mokondwa ngati wobwezera.

Tsiku lina masana, ali m'wodimo, abwana ake anaimba foni kuti lipoti likufunika, kaya kuli matenda kaya kulibe. Chitsiriza anakokera mpando pafupi, n'kuika laputopu m'mphepete mwa bedi. Analemba chiganizo choyamba zikope zikulemera. Kanthu kanamukhudza pamkono, iye n'kukakankha poganiza kuti ndi chubu cha diripi. Chiganizo chachiwiri, mpumiro, mpata umodzi. Apo ndiye kanamumenya ndithu.

Zinali zala za kumanzere za mayi ake. Maso aja anali atatsika kudenga, ali pa sikirini, ndipo pakamwa popotokapo panali mkwiyo womwe uja wa m'kalasi.

"Amayi," anatero Chitsiriza, "masiku onsewa ndakuimbirani nyimbo, ndakuuzani za adzukulu anu, inu zii. Ndiye mwadzukira zimenezi?"

Dzanja lija linakweranso n'kuima m'malere kudikira.

Chitsiriza anaseka, misozi ikugwera pa mabatani. Chibadwireni sanakondwerepo ndi kumenyedwa ngati tsiku limenelo. Anabwerera pa mpumiro uja n'kugunda kawiri, mwamphamvu kuti amve bwino. Dzanja linatsika pang'onopang'ono, n'kudzagona pamkono pake, osachokanso.

Lipoti lonselo analilemba ndi dzanja limodzi, kuopa kusuntha linalo.