Mbale ya Galamafoni pa Jeke

Pamsika wa kwa Wimbe anthu ankawanena a Levison kuti amagulitsa zinyalala, ndipo kunena zoona sankanama kwenikweni. Pabenchi lawo pankakhala simbi zamakala zothyoka zogwirira, nyali zagalasi, ziboliboli, magalimoto amawaya, ndi mulu wa mbale za galamafoni za nyimbo za kantire zimene eni maesiteti akale anataya posamuka. Ogula anali apo ndi apo. Ambiri ankangogwiragwira, kuseka, n'kumapita.

Mbale imodzi yokha sinali yamalonda. Akazi awo, a Lefina, chidwalireni sitiroko mutu sunkagwiranso. Anaiwala ana, anaiwala amvano anzawo, anaiwala ngakhale mwamuna amene ankawasambitsa m'mawa uliwonse. Koma ikangolira nyimbo imene anavina paukwati wawo, ya mzungu wina wodandaula ndi gitala, ankadzutsa nkhope n'kunena, "Bambo a Tithokoze, mwabwera?" Nyimbo ikatha ankasoweranso m'maganizo awo. A Levison ankakhalira moyo kanthawi kochepako basi.

Tsiku lina mu Okutobala mbale ija inalowerera mumulu wopita kumsika, n'kuswera padzuwa tsiku lonse. Madzulo inali itapindika ngati tsamba la fodya lofota. Ataiika pagalamafoni, singano inkangodumpha. A Levison anadzitukwana mpaka malovu kuuma, koma kutukwana sikuwongola kanthu.

M'mawa mwake anakadandaulira Yobu, tenanti wochokera ku Mulanje amene ankalima fodya wa bale paesiteti yapafupi. Yobu anali munthu wamtima wabwino, koma wa gulu lija losavomera kuti pali chinthu chimene sakuchidziwa.

"Madala, izi n'zolirira?" anatero Yobu, akuitembenuza mbaleyo. "Jeke yodindira mabelo yangokhala m'chigafamo. Imawongola fodya wa munda wonse, ndiye ikanike kambale aka?"

"Siisweka, mwanawe?"

"Ikasweka bwanji? Fodya wouma gwa sitidinda, amafumbutuka. Timayamba tamufewetsa. Iyinso iyambe yafewa."

Mtima wa a Levison unakana, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anaiyanika mbale ija palata dzuwa lili paliwombo mpaka inayamba kutentha zala. Kenako Yobu anaikulunga m'chiguduli monga amachitira ndi belo, kuti isakandike, n'kuiika pakati pa matabwa. Anapukusa jeke. Anapukusanso, thukuta lili kamukamu, chifukwa kwa tenanti belo lofewa ndi manyazi.

Itazizira anaivundukula. Inali itawongoka bwinobwino. Yobu anadziguguda pachifuwa, ndipo a Levison, ndi ukalamba wawo wonse, anathamanga ulendo wakunyumba osaiyang'anitsitsa n'komwe.

Anawapeza a Lefina atakhala pamkeka pakhonde. Anatulutsa galamafoni, kulumikiza batire, n'kutsitsa singano. Munatuluka phokoso lokhalokha, fwaa, ngati mvula yakutali. Anapukuta singano, n'kuyesanso. Chimodzimodzi. Apa m'pamene anaipendeketsa mbaleyo padzuwa n'kuona kuti timizere tonse tosunga nyimbo tafafanizika, ndipo m'malo mwake mwadindika ulusi wa chiguduli, mbali zonse ziwiri.

Anafufuza mumulu wonse, koma nyimbo ija inalibe inzake. Anaika mbale zina, a Lefina osatembenuka. Mapeto ake anagwada pamkeka n'kuyesa kuiimba okha, Chingelezi chake chosadziwika mutu, mawu akusasa. Anailekeza asanafike n'pakati pomwe.

A Lefina anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakokera chitenje chawo kumawondo, n'kusendera kukhoma mwaulemu.

"Zikomo bambo, mwaimba bwino," anatero chapansipansi. "Koma dzipitani tsopano. Amuna anga akakupezani pano, sizikhala bwino."